Mbalame za pa Masitampa ndi Sukulu ya m'Mudzi

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi yozungulira Chipata

Mphunzitsi amene afuna kudziwa kufunika kwa nkhani ino ayambe wayesa cinthu cimodzi m'kalasi mwace. Auze ana kuti alembe maina a mbalame zonse zimene azidziwa, kupatula nkhuku, abakha ndi nkhunda za pakhomo. Atatero atenge funso lomwelo, napite nalo kwa nkhalamba ya m'mudzi womwewo. Adzapeza kuti pamene ana alekezera ndi pamene nkhalambayo iyambira. Idzachula dzina, nidzachulanso kulira kwace kwa mbalameyo, mtengo umene imangapo cisa, ndi mwezi umene ioneka. Nzeru imeneyi siinalembedwe m'mabuku a sukulu, ndipo nkhalamba iri yonse imene itsikira kuli cete ipita nayo. Mbalame zomwe ziri kucepa m'malo ambiri, pakuti mitengo iri kutha ndi makala ndi minda yatsopano, ndipo anyamata ambiri sayenda opanda legeni m'thumba.

Tsono sukulu ya m'mudzi, imene iribe ndalama zogulira mabuku a zithunzi kapena magalasi oonera patali, ingacitepo ciani? Njira ziripo zingapo. Imene ikambidwa lero ndi ya kapepala kakang'ono kamene kamatidwa pa ngondya ya kalata, ndiko sitampa.

1. Kumene sitampa inacokera

Kale ku Britain wolandira kalata ndiye kawirikawiri anali kulipira mtengo wace, ndipo mtengowo unali kukula monga mwa kutalika kwa ulendo. Amphawi anali kubweza makalata a abale ao kaamba ka kusowa ndalama. Rowland Hill, amene nayenso anali mphunzitsi, anapempha boma kuti mtengo ukhale umodzi ndi wocepa m'dziko lonse, ndi kuti wotumiza ndiye azilipira. Motero m'caka ca 1840 munatuluka sitampa yoyamba, yakuda, ya kobiri limodzi, yokhala ndi mutu wa Mfumukazi Victoria.

Maiko ena anatsanzira msanga, ndipo mbalame sizinacedwe kuonekapo. Mzinda wa Basel ku Switzerland unatulutsa m'caka ca 1845 sitampa ya nkhunda yoyera yonyamula kalata kukamwa. Western Australia anatulutsa m'caka ca 1854 sitampa ya mbalame yakuda ya m'madzi, ya khosi lalitali, yonga tsekwe. M'caka ca 1874 maiko anakumana ku Bern, nakhazikitsa bungwe limene lero lichedwa Universal Postal Union, napangana kuti kalata yolipiridwa m'dziko limodzi iyende kufikira dziko lina popanda kulipiranso. Ncifukwa cace kalata yoponyedwa pa Chipata ingafike ku Japan ndi sitampa ya Zambia yokha.

2. Masitampa amene anadutsa pa Chipata

Mzinda uno unali kuchedwa Fort Jameson, ndipo kuyambira m'caka ca 1899 kufikira 1911 unali boma lalikulu la North-Eastern Rhodesia. Masiku amenewo kunalibe mseu wa galimoto. Matumba a makalata anali kusenzedwa ndi amtengatenga oyenda pansi masiku ambiri m'chire, ndipo masitampa anali a British South Africa Company. M'caka ca 1925 Northern Rhodesia anayamba kukhala ndi masitampa aceace, okhala ndi mutu wa Mfumu George V, ndipo pansi pace panali nyamalikiti ndi njobvu. Kuyambira 1954 kufikira 1963 anthu anali kumata masitampa olembedwa Rhodesia & Nyasaland, pakuti maiko atatu anali pansi pa citaganya.

Citaganya ciri pafupi kutha, mu Disembala 1963, panatuluka masitampa ena a Northern Rhodesia okhala ndi cizindikiro ca dziko, ndico nkhwazi itagwira nsomba. Masitampawa sanathe caka, pakuti pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina la Zambia. Pa mapepala ena makina osindikizira analumpha utoto umodzi, kotero kuti nkhwazi inasowapo, ndipo masitampa olakwika otere ndiwo afunidwa kwambiri ndi osonkhanitsa a maiko akutali. Nkhwaziyo inakhalabe pa mbendera ndi pa cizindikiro ca Zambia, koma tsopano iribe nsomba m'zikhadabo.

Motero mwana amene aika masitampa asanu pa mzere, kuyambira ya Kampani kufikira ya Zambia, ali ndi mbiri ya dziko lace pa tsamba limodzi. Pali mbiri inanso imene masitampawa anyamula. Amuna ambiri a cigawo cino anapita kukagwira nchito ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa. Ena anabwera, ena anasanduka machona. Cimene cinali kulumikiza iwo ndi kwao cinali kalata, ndipo wowerengera mai wosadziwa kuwerenga anali mphunzitsi wa pa mudzi. Makalata ambiri a masiku amenewo akali m'mabokosi ndi m'masutukesi a agogo.

3. Mbalame za pa masitampa a Zambia

M'caka ca 1968, pamene kwaca ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, panatuluka masitampa atsopano. Pa imodzi panali msilikali wa Cingoni, ndipo pa ina panali mbalame zija za miyendo yaitali, za nthenga zagolide zoima pamutu ngati cisoti ca mfumu, zimene zisonkhana zambirimbiri ku Nsefu m'cigwa ca Luangwa nthawi ya cilimwe. M'caka ca 1977 munatuluka masitampa 6 a mbalame zokhazokha, a mitengo yoyambira pa 4 ngwee kufikira 25 ngwee, ndipo m'caka ca 1987 munayamba kutuluka ena ambiri a masiku onse, amene anayenda pa makalata zaka zambiri. Wojambula masitampa ambiri a Zambia a zaka zimenezo anali Mai Gabriel Ellison, yemwe uja anajambula mbendera ya dziko.

Mbalame za pa masitampawa sizinasankhidwe cisawawa. Imodzi ndi imene m'Cingelezi ichedwa Chaplin's Barbet, ya mutu ndi cifuwa coyera, yofiira kuzungulira maso. Mbalameyi siipezeka m'dziko lina liri lonse koma m'Zambia mokha, makamaka m'madera ozungulira madambo a Kafue. Idya nkhuyu, niboola cisa m'nthambi zouma za mkuyu. Anthu akadula mikuyu polambula minda, kapena akathyola nthambi zouma kuti zikhale nkhuni, mbalameyo isowa cakudya ndi pogona pomwe, ndipo iribe dziko lina lothawirako. Inaikidwanso pa ndalama yacitsulo ya K1 imene inatuluka m'caka ca 2013.

Ina ndi kacinkhwe kobiriwira, kakuda m'masaya, ka m'nkhalango za tsanya za pakati pa Kafue ndi Zambezi. M'zaka za m'ma 1920 tizinkhwe timeneti tinagwidwa tambirimbiri ndi kugulitsidwa kunja kuti tikhale m'zikwere za m'nyumba za anthu, ndipo mpaka lero sitinaculukenso monga kale. Mbale wace wa kacinkhweka, wa nkhope yofiirira, ndi amene ana a ku Malambo amdziwa bwino, pakuti akhala m'tsanya za m'cigwa ca Luangwa, nagona m'mphako za mitengo ikuluikulu. Mitengo yotere ikagwa ndi nkhwangwa, mphako zipita nayo.

Pa masitampa a 1987 pali mbalame yaikulu yotuwa ya m'matenjetenje a Bangweulu, yaitali koposa mita imodzi, ya mlomo wonga nsapato yosema, ndi kabawi wamng'ono wa m'zigwembe za Zambezi kunsi kwa mathithi a Victoria. Mwana wa ku Chadiza kapena ku Katete mwina sadzafika konse ku Bangweulu, koma angaigwire mbalameyo m'dzanja lace, naipenyetsetsa mlomo ndi miyendo.

4. Dzina la munthu wa kuno m'mabuku a dziko lonse

Pa masitampa a 1977 pali kambalame kena kamene mbiri yace iyenera kufotokozedwa m'sukulu iri yonse. Jali Makawa anabadwira ku Mozambique, nakhala ku Nyasaland, ndipo anagwira nchito zaka zambiri ndi C. W. Benson, katswiri wa za mbalame. Anachuka ndi maso akuthwa ndi khutu lodziwa kusiyanitsa kulira kwa mbalame zobisika m'masamba. Anayenda ndi Benson m'maiko angapo, napita naye ku zisumbu za Comoro m'caka ca 1958. M'caka ca 1964, ali m'nkhalango yowirira ya kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia, pa malo ochedwa Mayau, anapeza kambalame koyera pacifuwa kosiyana ndi tinzace tonse todziwika. M'caka ca 1965 Benson ndi mnzace Irwin anakalemba m'mabuku, nakapatsa dzina la Cilatini lakuti Pogoniulus makawai, polemekeza amene anakapeza.

Kuyambira pamenepo akatswiri apita kukafunafuna kena kotere, koma sanakapeze. Kamodzi komweko kasungidwa ku Tring, ku England. M'caka ca 2018 akatswiri ena atakayesa ndi nzeru zatsopano anati nkutheka kuti ndi ka mtundu wina wodziwika kale, kongosiyana maanga. Ngakhale ziri tero, dzina la Makawa lakhazikika. Phunziro lace kwa ana ndi lakuti nzeru ya kuchera khutu m'chire, imene agogo ao ali nayo, ndi nzeru yeniyeni imene ophunzira a maiko akutali anaifuna ndi kuidalira. Timba sacepa ndi mazira ace.

5. Masitampa a maiko oyandikana

Aphunzitsi a kuno ali ndi mwai, pakuti malire a Malawi ali pafupi, pa Mwami, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale tsidya lija. Malawi anatulutsa masitampa a masiku onse a mbalame m'zaka za 1968, 1975 ndi 1988. Pa a 1968 pali kacinkhwe ka nkhope yofiirira kaja, pali mbalame zofiira zimene zikumba mauna m'magombe a mitsinje, zimene ena azicha fulagombe, ndi zina zambiri zimene zioneka ndi kuno komwe, pakuti mbalame sizidziwa malire. Angola anatulutsa masitampa 24 a mbalame m'caka ca 1951, Gambia mu 1963, Uganda mu 1965, ndi Botswana mu 1967. Nkhwazi iri pa zizindikiro za Zambia, Malawi ndi Namibia, ndipo mbalame ya cisoti cagolide ija iri pa mbendera ya Uganda. Ana afunsidwe cifukwa cace dziko lisankha mbalame yakutiyakuti kuti iliimire.

6. Kumene masitampa angapezeke

Apa pali bvuto limene liyenera kunenedwa poyera. Makalata acepa. Mau amene kale anali kuyenda milungu iwiri m'thumba la positi tsopano afika pa foni nthawi yomweyo, ndi ndalama zomwe. Ana ambiri a m'sukulu za lero sanamatepo sitampa cibadwire. Cifukwa ca ici masitampa akale ayenera kupulumutsidwa msanga, asanathe ndi ciswe kapena kuyatsira moto.

Poyamba ana afunse kwao. Pambuyo pace mphunzitsi apemphe maenvulopu otha nchito ku maofesi a misyoni, a zipatala, a sukulu zazikulu ndi kwa eni masitolo, kumene makalata a kunja afikabe. Masitampa atsopano agulidwa ku positi ofesi, ndipo likulu la Zampost, bungwe limene liyendetsa makalata kuyambira 1994, liri ku Ndola. Njira yoposa zonse ndi yakuti kalasi lilemberane makalata ndi kalasi la sukulu ina ya kutali, kamodzi pa teremu. Potero ana aphunzira kulemba kalata ndi keyala yace, ndipo yankho lifika ndi sitampa.

Lamulo likhale limodzi, losasinthika: sitampa siicotsedwa pa kalata ya mwini popanda cilolezo cace. M'midzi yambiri makalata a anthu afikira pa sukulu, m'manja mwa mphunzitsi. Kalata imodzi ikafika kwa mwini wace yong'ambika pa ngondya, mbiri idzamveka mudzi wonse kuti a sukulu atsegula makalata a anthu, ndipo cikhulupiriro cimene cinamangidwa zaka zambiri cidzagwa tsiku limodzi. Makalata a agogo nawo ali ndi zinsinsi za banja. Mwana apemphe envulopu yokha, mau a m'kati asiyire eni.

7. Kasamalidwe kace

Mphunzitsi ayambe wayang'ana envulopu yonse. Ngati cidindo ca positi cioneka bwino, makamaka ngati ndi ca dzina lakale monga Fort Jameson, envulopuyo isungidwe yathunthu, pakuti cidindo cinena malo ndi tsiku, ndipo sitampa ikacotsedwa umboni umenewo utayika.

Maenvulopu wamba acekedwe ndi sizasi, kusiya mpata wa cala cimodzi kuzungulira sitampa. Tizidutswato tiikidwe m'mbale ya madzi oyera ozizira kwa mphindi 15 kapena 20, kufikira sitampa itayandama yokha. Wofulumira kukoka ang'amba kumbuyo kwace kapena kuthyola mano a m'mphepete, ndipo sitampa yothyoka mano yaonongeka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mapepala ofiira kapena obiriwira abviikidwe paokha, pakuti utoto wao usuluka ndi kudetsa masitampa ena. Masitampa ena a masiku ano, amene amatika okha osanyowetsa, sacoka ndi madzi, ndipo angocekedwa bwino ndi kusungidwa ndi pepala lao.

Sitampa ikacoka iyanikidwe cafufumimba pa pepala loyera, pa mthunzi. Ikauma ipanikizidwe pakati pa mabuku olemera usiku umodzi. Isamatidwe m'buku ndi phala, ulimbo kapena guluu. Kumene timapepala tomatira masitampa sitipezeka, mphunzitsi aceke timizere tiwiri pa tsamba ndi kulowetsamo ngondya za sitampa, kapena asoke timizere ta pepala loonekera kuti tikhale ngati matumba. Zala za thukuta zidetsa, motero ana asambe m'manja asanagwire. Adani akulu ndi cinyezi ca dzinja cimene cibweretsa cuku, ndi ciswe, mphemvu ndi njenjete. Buku lisungidwe m'citini cotsekeka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma, ndipo litulutsidwe kuti lipitidwe mphepo tsiku louma.

8. Sitampa m'maphunziro

Buku likhale la kalasi lonse, tsamba limodzi mbalame imodzi. Pansi pa sitampa ana alembe dzina la dziko, caka ngati cioneka, ndi dzina la mbalame monga lalembedwa. Pamenepo nchito yeniyeni iyamba. Ana atenge cithunzico, apite naco kwa akulu, akafunse ngati mbalameyo ioneka kuno, dzina lace m'Cicewa, m'Cinsenga, m'Cikunda kapena m'Citumbuka, cimene idya, ndi miyambi kapena nthano zimene ziichula. Maina akasiyana alembedwe onse, pamodzi ndi mudzi umene dzina liri lonse lamvekera. Pa mapeto a buku pakhale masamba a mbalame za kuno zimene sitampa yace siinapezeke: nanchengwa, nang'omba, lumbe, nthengu, pumbwa, nsadzu, kadzidzi. Ana azijambule okha m'kabokosi ka mano m'mphepete, ngati kuti iwo ndiwo ojambula a boma. Pakutha pa zaka ziwiri sukulu idzakhala ndi buku la maina a mbalame za dera lace, limene silingagulidwe m'sitolo iri yonse.

Pa phunziro la cilengedwe ana ayerekeze milomo ndi mapazi. Mlomo wokhota wa nkhwazi ngwong'ambira nsomba, wautali woonda wa songwe ngwoyamwira timadzi ta m'maluwa, ndipo waufupi wolimba wa mpheta ngwoswera njere. Mwana amene wazindikira ici angathe kunena cakudya ca mbalame imene sanaionepo.

Pa phunziro la maiko sitampa iri yonse ifunidwe kwao pa mapu. Ena adzadabwa kupeza kuti Helvetia ndiye Switzerland, kuti Suomi ndiye Finland, ndi kuti Britain yekha salemba dzina lace pa sitampa, popeza ndiye anayamba. Namzeze wa ku Ulaya, amene ali mbalame ya fuko la Estonia, aoneka pa masitampa a maiko ambiri a kumpoto. Yemweyo afika kuno ca m'mwezi wa Okutobala, nabwerera ca mu Epulo kukaswa kwao, ulendo wa makilomita zikwi zingapo. Mwana akatola mbalame yakufa yokhala ndi mphete yacitsulo ku mwendo, abwere nayo kwa mphunzitsi, pakuti pa mphetepo pali nambala ndi dzina la kumene anaibveka, ndipo eni ace ayembekeza kuuzidwa kumene yagwera.

Pa masamu masitampa akale apereka mafunso okoma. Makobiri 12 anali sheleni imodzi, masheleni 20 anali paundi imodzi, ndipo mu 1968 sheleni inasanduka 10 ngwee, paundi nisanduka K2. Pa masitampa ambiri a mbalame a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mtengo wakale unafafanizidwa, nipadindidwa wina wokulirapo, cifukwa mitengo ya zinthu inali kukwera msanga koposa m'mene masitampa atsopano akanasindikizidwira. Ana akulu afunsidwe kuti mtengo unakwera kangati, ndipo pamenepo adzamvetsa cifukwa cace m'caka ca 2013 K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano.

9. Macenjezo atatu

Loyamba ndi la cuma. Ana akamva za nkhwazi yosowa ija adzaganiza kuti sitampa iri yonse yakale ndi ndalama zambiri. Auzidwe zoona: masitampa a masiku onse anasindikizidwa miyandamiyanda, ndipo ambiri mtengo wao ngwocepa ndithu. M'sukulu masitampa asinthanitsidwe, imodzi kwa imodzi, koma asagulitsidwe, kuti mwana wa mphawi asatsalire m'mbuyo.

Laciwiri ndi lakuti si mbalame iri yonse ya pa sitampa ya dziko la mu Afirika imene ikhala m'dzikomo. M'zaka zapitazi maiko ena alola amalonda a kunja kusindikiza masitampa a mbalame za ku America kapena za ku maiko a cisanu, ongogulitsa kwa osonkhanitsa. Aliponso ena acinyengo, olembedwa dzina la dziko limene silinawatulutse konse, ndipo Universal Postal Union icenjeza maiko za amenewa. Sitampa imene yacoka pa kalata yeniyeni, ndi cidindo cace, ndiyo yodalirika.

Lacitatu ndilo lalikulu. Mwana amene wayamba kukonda kusonkhanitsa angafune kusonkhanitsanso mazira, zisa ndi mbalame zomwe. M'masiku a Makawa akatswiri anali kupha mbalame kuti aziyese, popeza njira zina zinali zocepa. Lero ajambula zithunzi ndi kujambula kulira kwace. Mphunzitsi anene momveka kuti m'buku la kalasi muloledwa sitampa, cojambula ndi nthenga yotola pansi, basi. Kulalatira ana za legeni sikupindula kwenikweni, pakuti ndiwo zisowa m'nyumba zambiri, ndipo mpheta ziononga mapira. Cimene cithandiza ndi kuwaphunzitsa kusiyanitsa: kuti kadzidzi adya makoswe a m'nkhokwe, kuti namzeze ndi nthengu zidya tizirombo touluka, kuti miimba icotsa zakufa zimene zikanafalitsa matenda, ndi kuti mankhwala othiridwa m'citsime ca m'chire kapena pa nyama yakufa apha zonse pamodzi, zoononga ndi zothandiza. Sukulu zimene ziri ndi kalabu ya Chongololo, imene inayamba m'caka ca 1972, zingalowetse nchitoyi m'kalabumo, ndipo bungwe la BirdWatch Zambia ligwira nchito yoteteza mbalame m'dziko lino.

10. Poyambira

Teremu yacitatu ndiyo nthawi yabwino. Mu Sepitembala ndi Okutobala mbalame zofiira zija ziri pa mauna ao m'magombe a Luangwa, mitengo yayoyola masamba kotero kuti mbalame zioneka poyera, ndipo anamzeze ali m'njira. Pa 9 Okutobala maiko akumbukira tsiku la positi, ndipo pa 24 mbendera ya nkhwazi ikwezedwa pa sukulu iri yonse. Pakati pa masiku awiriwa kalasi lingathe kulemba kalata yace yoyamba, kubviika masitampa ace oyamba, ndi kuitana nkhalamba imodzi kuti idzakhale pa mpando patsogolo pa ana, niichule maina.

Zofunika ndi kope limodzi, mbale ya madzi, sizasi ndi citini. Mphunzitsi asadere nkhawa ngati teremu itha ali ndi masitampa khumi okha, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Aphunzitsi apemphedwa kudza ndi mabuku a makalasi ao pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi masitampa obwereza, kuti a ku Malambo asinthane ndi a kumtunda, ndi kuti maina a mbalame amene apezeka m'midzi yosiyanasiyana ayerekezedwe ndi kulembedwa pamodzi.